Kakamera kolondera tulo m'thiraki: ndayenda nako miyezi 7, nayi nkhani yake

Anzanga a pamsewu mwakhala mukundifunsa za kachinthu kakuda kamene kali pa dashibodi ya thiraki yanga, ena pa Zobue ena pa Nyamapanda, funso limodzimodzi, "achimwene kameneko nkachani, kamagwiradi ntchito?" Nde ndatopa kufotokoza mmodzimmodzi, ndati ndilembe kamodzi basi aliyense awerenge yekha. Dzina la kampani yake sinditchula, chifukwa zimene zili pabokosi ndi zina, zimene zili pakachipangizo ndi zina, ndipo ndaona timakamera tomweti tikugulitsidwa ndi mayina osiyanasiyana. Mukapita m'mashopu a zamagalimoto ku Johannesburg mungonena kuti mukufuna kamera yoyang'ana dalaivala ngati akusinza, akupatsani.

Ine ndakhala pachiwongolero zaka 14, kwambiri njira ya Blantyre kupita ku Beira, nthawi zina Joni mpaka Durban. Ndinali mmodzi wa anthu aja onena kuti ine tulo ndimatidziwa, tikamabwera ndimamva, ndimaima. Chomwe chinandigulitsa kakameraka ndi tsiku lina masana nditangodutsa Changara, dzuwa la ku Tete lija lofuna kusungunula munthu, ndinangodzidzimuka matayala akumanzere ali m'miyala kunja kwa phula, fumbi kobo, mnyamata wondithandiza akukuwa kuti abwana abwana. Ndinabweza bwinobwino, palibe chinaonongeka. Koma chondiopsa chinali chakuti sindinamve tulo ngakhale pang'ono. Mukanandifunsa mphindi imodzi izi zisanachitike ndikanalumbira kuti ndili gwa.

Kachinthuko kukula kwake ngati sopo wosambira, kali ndi diso limodzi pakati ndi timagetsi tiwiri tamtundu wa infrared, kuwala kumene maso athu saona, nde usiku kamakuona bwinobwino mumdima osakuthobwa. Kamalumikizidwa pa soketi ya laitala. Apa chenjerani, funsani ngati kamalola 24V, chifukwa mathiraki athu ambiri ndi 24V pomwe magalimoto ang'onoang'ono ndi 12V, mukagula kolakwika kapsa tsiku lomwelo. Kanga kali ndi GPS mkati, sikayamba kulira galimoto isanathamange, zomwe ndi zabwino chifukwa pamzere wa paboda munthu umafuna kusinza mwamtendere. Kalinso ndi polowetsa memori khadi, ndipo kamasunga mavidiyo a dalaivala m'menemo. Kapepala ka malangizo ndi Chitchaina ndi Chingerezi chopindikapindika, ndinangokataya, mphwanga ndi amene anandiikira. Mtengo wake unandidyera pafupifupi alawansi yonse ya ulendo umodzi, mayi a kunyumba anandiyang'ana ndi diso lina nditawauza.

Sabata yoyamba ndinadana nako. Kanalira cha m'ma 2 koloko masana tili pakati pa Tete ndi Guro, kulira kwake ngati kamwana ka mbuzi kopanidwa pachitseko, ine nkukatukwana kuti iwe ukunama, ndili maso ine. Kanaliranso patapita mphindi mwina 10. Madzulo titaima ndinachotsa khadi ija nkuika mufoni kuti ndikagwire bodza.

Abale, kudziona wekha ukusinza ndi chinthu chochititsa manyazi. Munthu ali pavidiyopo ndi ine, kapu yanga, malaya anga, koma nkhope yagwa ngati ya munthu wodwala, kukamwa kwatseguka pang'ono, zikope zatsika mpaka theka, kenako zikutsika pang'onopang'ono ngati chitseko cha shopu madzulo, nkutsekeka. Ndinawerenga, wani, thuu, pafupifupi firii. Kenako mutu nkugwedera kutsogolo pang'ono, alamu nkulira, maso nkutseguka, ndipo pompo mukundiona ndikutukwana kamera kuti ikunama kkkk. Masekondi amenewo m'mutu mwanga mulibemo, ubongo unangolumikiza msewu wa kale ndi wa tsopano ngati palibe chadumphidwa. Tsono tiyeni tiwerengere limodzi: pa liwiro la makilomita 80 pa ola galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Masekondi atatu ndi mamita 66, kupitirira theka la bwalo la mpira, ndi matani 30 a feteleza kumbuyo, dalaivala palibe. Azungu amati microsleep, ine ndimangoti katulo kakuba.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kukangana nako. Mnyamata wanga anakapatsa dzina loti apongozi, akuti chifukwa amangokuyang'ana osaphethira ndipo sungawayankhe.

Nthawi imene timawola paboda kudikira mapepala ndinayamba kuwerenga pafoni kuti kodi kamadziwa bwanji. Nkhani yake yagona pa zikope. Munthu amene ali bwinobwino akaphethira, diso limatseka ndi kutseguka msangamsanga, osafika ngakhale theka la sekondi. Ubongo ukayamba kutopa kuphethira kumachedwa, chikope chimatsika mwaulesi, chimakhalitsa pansi, chimakweranso mwaulesi. Ofufuza a ku America m'zaka za m'ma 1990 anapanga muyezo wotchedwa PERCLOS, womwe umawerenga kuti pa mphindi imodzi, ndi nthawi yochuluka bwanji imene chikope chaphimba diso ndi 80 peresenti kapena kuposa. Nambala imeneyo ikamakwera ndiye kuti munthuyo akupita. Timakamera tambiri ta mtundu uwu timadalira nzeru imeneyi, nkuonjezapo kuyasamula ndi kugwa kwa mutu. Si ufiti ayi, ndi masamu a zikope basi.

Mavidiyo aja ndinapitiriza kuwaonera, ndipo phindu lalikulu la kakameraka kwa ine ndi limeneli, kuposa alamu yeniyeniyo. Ndinayamba kuona kuti thupi langa lili ndi ndondomeko yake. Choyamba ndimayamba kudzigwiragwira kumaso, kupukuta mphuno, kusisita khosi kumbuyo, kuvula kapu nkuvalanso. Kenako kusunthasuntha pampando ngati pali nsikidzi. Kenako kuyasamula kotsatizana, osati kamodzi ayi, katatu kanayi mpaka misozi. Maso amayamba kuyabwa ngati mwalowa mchenga. Zikatero pamabwera chinthu china chimene sindinkachidziwa, maso amaima malo amodzi. Munthu wabwinobwino maso ake amayendayenda, galasi la kumanja, msewu, mamita, galasi la kumanzere, mbuzi iyo, njinga iyo. Koma pavidiyo ndimaoneka nditangoti tuzu kutsogolo ngati ndikuonera chinthu chakutali, magalasi osawayang'ananso. Manja nawo amasintha, timakonzedwe tating'onoting'ono ta chiwongolero tija timachepa, thiraki imayamba kutsetsereka pang'onopang'ono kupita m'mphepete, kenako umaibweza mwamphamvu kamodzi. Mukamatsatira thiraki ya mnzanu usiku nkuona ikuchita zimenezi, komanso liwiro likutsika nkukwera popanda chifukwa, muimbireni hutala kapena foni, ameneyo wapita. Ine ndimayambanso kumva kuzizira m'mikono ngakhale kukutentha, ndi kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono, mnyamata akangotafuna mokweza ndimafuna kumutsitsa.

Zonsezi zimachitika alamu isanalire. Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse bwino musanataye ndalama: kameraka kamagwira mapeto a nkhani, osati chiyambi. Pofika poti zikope zikutsekeka, ubongo unayamba kale kuthawa ntchito mwina theka la ola lapitalo.

Ndipo pali kutopa kwina kumene sikaona nkomwe. Nonse mukudziwa zija zoti wadutsa tauni yonse koma sukukumbuka, umangozindikira uli pa Catandica nkumadzifunsa kuti kodi Guro ndadutsa nthawi yanji. Maso anali otseguka bwinobwino, apongozi ali chete, koma mutu kulibe. Izi si zachilendo, zinafufuzidwa kalekale. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a ndege a ku Britain amene ankayang'anira ma radar kusaka sitima zapansi pa madzi ankaphonya zizindikiro zoonekeratu akakhalitsa pa sikirini. Katswiri wina, Norman Mackworth, anapanga chinthu ngati wotchi yopanda manambala, muvi wake ukudumpha pang'onopang'ono, nthawi zina nkudumpha kawiri, ndipo munthu amayenera kudina batani akaona kudumpha kwakukuluko, kwa maola awiri. Zotsatira zake anazitulutsa mu 1948: kuphonya kunkayamba kuchuluka patangotha theka la ola loyamba. Theka la ola abale! Anthu ake anali anyamata athanzi, osati osagona ayi. Kungoti ubongo wa munthu sunapangidwe kuti uziyang'ana chinthu chimodzi chosasintha kwa nthawi yaitali. Nde taganizani ife pa N1 ya ku South Africa kuchoka Polokwane kupita ku Musina, msewu wosalala wowongoka, injini ikungoimba nyimbo imodzi. Ine ndimaopa msewu wabwino kuposa wa maenje, chifukwa maenje a pa N7, msewu wathu uja wa ku Mozambique, amakudzutsa okha.

Ndinawerenganso za ofufuza a ku Paris amene mu 2022 anapeza kuti anthu akagwira ntchito yolimba ya mutu kwa maola opitirira 6, mankhwala ena a muubongo otchedwa glutamate amaunjikana mbali ya kutsogolo, imene imathandiza kudziletsa ndi kuganiza bwino, ndipo anthuwo amayamba kusankha zinthu zophweka ndi zapafupi. Nditawerenga ndinaseka ndekha, chifukwa ndi zomwe zija timachita madzulo, kupitirira galimoto pamalo pamene m'mawa sungayerekeze, kapena kunena kuti aaa matayala ndiona mawa. Kutopa kwa mutu si ulesi, ndi chinthu chenicheni cha m'thupi ngati kutopa kwa mwendo. Koma kamera yoyang'ana zikope singaone zimenezo.

Tsopano zolakwika zake, ndipo zilipo zambiri ndithu.

Kamanama. Ndikamadya nzimbe kapena chimanga chootcha kamaganiza kuti ndikuyasamula. Ndikamaimba nyimbo za kwaya Lamlungu m'mawa, kukamwa kukatseguka kwambiri, kalira. Ndikayang'ana galasi la kumanzere nthawi yaitali podutsa pamsika pamene pali ana ndi njinga, kamati sindikuyang'ana msewu, chonsecho ndi pomwe ndikusamala kwambiri. Magalasi a dzuwa ena kamaona kudutsa, koma aja onyezimira ngati kalilole amakasokoneza, ndinachita kugula ena. Kapu ikatsika kwambiri pamphumi sikapeza maso. Dzuwa likamalowa nkumawomba molunjika pankhope kapena pa diso lake, kamapenga kwa mphindi zingapo. Mnzanga wina wa maso aang'ono mwachibadwa anabwereka ulendo umodzi, akuti kanamulirira kuchoka Mwanza mpaka Moatize, anakazula nkukaponya pabedi kumbuyo. Kamayenera kuphunzira nkhope yako poyamba, umayang'ana kutsogolo masekondi angapo galimoto ikangoyaka, mukadumpha pamenepo tsiku lonse mukangana.

Vuto la kunama kumeneku si phokoso lokha. Chinthu chikamakuwa pachabe kakhumi, ka khumi ndi chimodzi sumvanso, khutu limazolowera. Ndinachita kutsitsa mphamvu yake yomvera kufika pakati, pamwamba sipakhalika.

Chomatira chake ndiye chachabechabe. Kutentha kwa ku Tete kunasungunula guluu tsiku lachitatu, kamera inagwera pansi nkumayang'ana mawondo anga. Waya woyamba unaduka mkati patatha mwezi. Kushopu kuja anandisinthira waya popanda kuvuta, pamenepo ndiwayamikire, koma za chomatira anangoseka nkuti ndigule tepi. Lisiti sungani, chifukwa walanti yake ndi yapakamwa.

Koma choopsa kwambiri si kamera, ndi ine mwini, ndipo ndinena poyera ngakhale zikundichititsa manyazi. Nditayamba kukakhulupirira ndinayamba kukagwiritsa ntchito molakwika. Usiku wina ndikuthamangira kuti ndikafike pa Beitbridge mzere usanatalike, ndinadziuza kuti palibe vuto, ndikasinza apongozi andidzutsa. Kanalira, ndinadzidzimuka, ndinapitiriza. Kanaliranso, ndinatsegula windo. Kachitatu, ndinadzimenya mbama. Kofika kachisanu ndinazindikira kuti ndikuyendetsa ndi alamu m'malo mwa maso, ndiye kuti pakati pa kulira ndi kulira ndikudalira mwayi basi. Alamu imakudzutsa masekondi ochepa, tulo timabwerera pomwepo, ndipo kalira pambuyo poti maso atsekeka kale, mamita aja apita kale. Ndinaima pa galaja ina nkugona. Mzere ndinaupeza wautali inde, koma ndinaupeza.

Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma mnansiyo sangakugonere tulo tako. Mphepo ya pawindo, wailesi mokweza, mbama, kutafuna chingamu, zonsezi ndayesa ndipo mavidiyo akuonetsa kuti zimagwira mphindi zochepa chabe. Chimene chimandithandizadi ndi chimene ofufuza a ku Loughborough ku England anayesa pa madalaivala m'zaka za m'ma 1990: kumwa khofi wamphamvu kenako nkugona nthawi yomweyo mphindi 15 kapena 20. Zimamveka zosemphana koma nzeru yake ndi iyi, munthu ukakhala maso nthawi yaitali muubongo mumachuluka chinthu chotchedwa adenosine, ndicho chimabweretsa kulemera kuja, khofi amatchinga malo amene chimagwirapo, koma amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti ayambe kugwira. Nde umagona podikira, podzuka zonse ziwiri zakumana. Osapitirira theka la ola, ukalowa tulo tatikulu umadzuka mutu uli zii ngati waledzera. Ndipo khofi amakhalitsa m'thupi, patatha maola ngati 5 theka lake likadalimo, choncho zakumwa zamphamvu za m'zitini zija mukamwa 8 koloko usiku musadabwe kuti mwaima kuti mugone koma mukungotembenuka, mawa lake nkudzuka otopa kuposa dzulo.

Nthawi zimene kanga kamalira kwambiri ndi ziwiri, masana kuyambira cha m'ma 1 mpaka 3 koloko, makamaka ndikadya nsima yambiri, ndi m'bandakucha kuyambira 2 mpaka 5 koloko. Poyamba ndinkati ndi nsima yokha, koma ngakhale ndidye pang'ono kutsika kwa masana kumabwerabe, ndi wotchi ya m'thupi. Panopa ndimakonza kuti nthawi imeneyo indipeze ndaima pamthunzi ngati nkotheka.

Pali nambala ina imene inandikhalitsa chete. Ofufuza a ku Australia anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu ngati munthu amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, ndipo akafika maola 24 ndi ngati 0.10. Ku South Africa malire a dalaivala wa thiraki kapena basi ndi 0.02. Tsono werengani tsiku lathu la paboda, wadzuka 4 koloko m'mawa kuti usunthe pamzere, tsiku lonse ukuthamangitsana ndi ejenti padzuwa, mapepala atuluka 3 koloko masana, bwana akuimba kuti katundu akudikiridwa, nde uyendetsa mpaka 10 koloko usiku. Maola 18 amenewo. Sunalawe dontho, ukapuma m'kachipangizo ka apolisi kaonetsa ziro, koma ubongo ndi wa munthu wochokera ku bawa. Ku Ulaya lamulo limati dalaivala wa thiraki akayendetsa maola anayi ndi theka apume mphindi 45, ndipo kuyambira July 2024 magalimoto onse atsopano ogulitsidwa m'mayiko a EU ayenera kukhala ndi chochenjeza dalaivala akayamba kusinza. Kwathu kuno ambiri timalipidwa potengera maulendo, ndipo malo oima mosaopa akuba dizilo ndi mabatire ndi owerengeka, nde kamera ikalira pakati pa tchire umadzifunsa kuti ndiime pati. Limenelo si vuto la kamera koma ndi zoona zake za msewu.

Ena mwandifunsa za makamera amene makampani ena akuika okha, aja otumiza vidiyo ku ofesi nthawi yomweyo. Sindinayendepo nawo, koma maganizo anga ndi awa: ngati ofesi ikaona dalaivala akusinza imamuimbira kuti aime agone, ndi zabwino. Ngati ikumudula malipiro kwinaku ikumupatsa nthawi yosatheka yofikira, madalaivala azingomata tepi pa diso la kamera, ndipo ndawaonapo atamata. Kanga ndi kanga, mavidiyo ndimaonera ndekha ndi mnyamata wanga, ndiye sindikhala ndi chifukwa chokanamiza.

Nde mugule kapena ayi? Pa nyenyezi 5 ndikupatsa 3 ndi theka. Theka ndachotsa chifukwa cha chomatira ndi waya, imodzi chifukwa cha kunama ndi kusaona kutopa kwa maso otseguka kuja. Kwa a mathiraki a maulendo ataliatali ndi a mabasi a usiku a Lilongwe kupita Joni, ndikuti gulani, koma gulani kokhala ndi memori khadi, kopanda khadi musataye ndalama, chifukwa alamu mudzaitsutsa koma nkhope yanu simungaitsutse. A minibasi ndi a takisi a m'tauni musavutike, mumatembenuka kwambiri, kadzakusokosani pachabe. Amene mumayendetsa galimoto yanu kupita kumudzi kamodzi pa mwezi, gonani mokwanira usiku wake basi, ndalamayo mugule mafuta.

Lamulo langa panopa ndi losavuta, kakalira kamodzi ndipo ndikudziwa kuti sindikudya nzimbe, ndimayamba kusaka poima. Koma kawirikawiri masiku ano ndimakayambirira ndine, ndikangodzigwira ndikusisita khosi kachiwiri ndimadziwa kuti kwatsala pang'ono. Mnyamata wanga nayenso waphunzira, akaona ndavula kapu nkuvalanso amangoti abwana, apongozi atsala pang'ono kuyankhula, nkuyamba kutsegula fulasiki.

Lachinayi ndikunyamuka kupita ku Beira kukatenga feteleza. Kamera panopa ndaimanga ndi mphira wa chubu cha njinga pa kachitsulo ka pa dashibodi, ikugwedezeka pang'ono pa maenje koma ikugwira. Ngati alipo amene akudziwa wowotcherera wabwino ku Limbe kapena ku Ndirande woti angandipangire kachitsulo komangira ndi masikuluu, tikumane pa Mwanza mundiuze.